Mtedza sudikira Loweruka

Mu Juni 2023, agogo ena a ku Mkanda anandipeza ku ntchito kudzandiuza kuti mtedza umene anandisungira augulitsa kwa venda. Akanatha kungokhala chete, ine n'kukazionera ndekha Loweruka nditafika ndi matumba. Akanathanso kutuma mdzukulu wawo kuti andiimbire. Koma anabwera okha, ndodo m'manja, n'kuima pakhonde la shopu mpaka nditamaliza kulemba makilogalamu a munthu wina. Pasanathe chaka chathunthu ndinali nditasiya ntchito.

Amene amandilembera pa WhatsApp kufunsa kuti "Sisi, munadziwa bwanji kuti nthawi yosiya ntchito yakwana?" amayembekezera kuti ndiwauza za maoda ochuluka, kapena za anthu amene amatsatira tsamba langa la Facebook. Ayi ndithu. Maoda ndinkawakwanitsa ndili pa ntchito pomwepo. Chinandichotsa pa mpando uja ndi mbali ya geni yanga ya nsinjiro ndi chiponde imene siioneka pa foni.

## Zinayamba ndi nkhwani wotendera

Ndinkagwira ntchito m'shopu ina ya zipangizo za ulimi pa boma pa Mchinji pano: feteleza, mbewu, mankhwala a mbozi ndi a anankafumbwe. Ine ndinali wa mabuku ndi ndalama. Malipiro sanali oti n'kunyadira, koma ankabwera mwezi ukatha, ndipo kwa mayi wa ana chimenecho si chinthu chaching'ono.

Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid, msuweni wanga wa ku Area 25 ku Lilongwe anadandaula kuti nsinjiro zimene ankagula pamsika zinkawawa, ndipo ankakayikira kuti ena amathiramo ufa wa chimanga kuti zichuluke. Ndinamusinjira za kwathu kuno n'kumutumizira pa minibasi. Iye anaphika nkhwani wotendera, n'kujambula, n'kuika pa status ndi nambala yanga m'munsi mwake, osandifunsa n'komwe. Kutacha ndinapeza foni yadzaza mauthenga a amayi a Mvano a kutchalitchi kwawo.

Basitu, chiyambi chake n'chomwecho. Panalibe pulani, panalibe dzina la bizinesi. Chiponde chinabwera chifukwa wina anafunsa. Mtedza wokazinga wa m'mapaketi unabwera chifukwa anthu a m'maofesi ku City Centre amafuna chotafuna masana. Ndinatsegula tsamba la Facebook, ndinaphunzira kujambula botolo m'mawa dzuwa lisanakule, nditayala chitenje choyera, chifukwa chiponde chojambulidwa usiku pa tochi palibe amachifuna.

## Madzulo ankakwana

Zimene anthu amati "bizinesi ya pa intaneti" zinkakwana bwinobwino m'maola a madzulo. Ndikaweruka, ana akadya, ndinkakhala pa mkeka n'kumayankha mauthenga. Lamlungu tikachoka kutchalitchi tinkakazinga, kupukusa, kupeta, kusinja ndi kuthira m'mabotolo. Lolemba m'mamawa, shopu isanatsegulidwe, ndinkakhala ndili pa depoti ndi makatoni. Ndinkapereka kwa kondakitala amene ndikumudziwa, n'kujambula nambala ya minibasiyo, n'kutumizira makasitomala. Kuchokera pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, kudutsa pa Kamwendo, Waliranji ndi Namitete, ndiye katundu ankafika dzuwa lisanafike pamutu, pokhapokha minibasiyo ikachedwa kudzaza.

Malamulo anga anali ochepa. Ndalama kaye, katundu pambuyo, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba. Chithunzi cha uthenga wa malipiro si malipiro. Ndimayang'ana ndekha ngati ndalama zalowadi. Ndipo uja wotumiza uthenga wooneka ngati wa kampani, kenako n'kuimba akulira kuti "mayi, ndatumiza molakwitsa, ndi ndalama ya maliro, chonde bwezani," ameneyo ndimamuuza kuti aimbire kampani ya foniyo imubwezere yokha. Saimbanso.

Palinso gulu lina limene aliyense wogulitsa pa foni amalidziwa. Mtengo walembedwa pa chithunzi pomwepo ndi zilembo zikuluzikulu, koma iye alemba kuti "mtengo?" Ukamuuza, "ndikuuzani." Mwezi wamawa yemweyo, "mtengo?" Poyamba ndinkapsa nawo mtima. Pano ndimangoyankha, chifukwa ena mwa makasitomala anga okhulupirika anayamba choncho, ankadikira kuti aone ngati ndikhalapobe kapena ndine wa masiku awiri.

Ngakhale mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira magetsi n'kumathima tsiku lonse, mbali imeneyi sinagwe. Foni ndinkatchaja ku ntchito, kusinja tinabwerera ku mtondo. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mabotolo ndi mapepala omata anakwera, ndinakweza mitengo, anthu anang'ung'udza n'kupitiriza kugula. Zonsezi zinkatheka munthu ali pa ntchito. Ndikanakhala kuti ndimaoda zovala ku Chipata kapena ku Lilongwe n'kumazigulitsa pa status, ndikukhulupirira kuti mpaka lero ndikanakhala ndikulembabe mabuku a bwana uja, geni ili pambali, ndipo sipakanakhala cholakwika.

## Mtedza wabwino sugulidwa pa foni

Koma ine ndimagulitsa mtedza, ndipo mtedza uli ndi kalendala yake.

Umakumbidwa cha mu Epulo ndi Meyi, umauma, umathotholedwa, ndiye kuyambira Meyi mpaka Julayi umakhala mbwee m'midzi, mtengo uli pansi chifukwa aliyense akufuna ndalama nthawi imodzi. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, koma pakhomo pa mlimi mtengo umalamulidwa ndi amene wafika ndi ndalama m'manja. Ikamafika Okutobala ndi Novembala, anthu ayamba kufuna wa mbewu, mtengo wakwera. Januwale ndi Febuluwale mtedza wabwino ndi wosowa, pamene makasitomala anga ndiye amafuna nsinjiro kwambiri, chifukwa ndi nyengo ya nkhwani, chisoso ndi bonongwe. Phindu langa la chaka chonse limapangidwa m'miyezi itatu yogula ija. Ndikaiphonya, miyezi inayo ndimangotembenuza ndalama, kugula modula n'kugulitsa modula, otsala m'manja n'kutopa.

Ndiye pali chuku. Anthu a m'tauni amadziwa kuti nsinjiro zina zimawawa, koma ambiri sadziwa chifukwa chake. Mtedza ukapanda kuuma bwino, kapena ukanyowa utauma kale, umachita nkhungu imene imasiya poizoni, ndipo poizoniyo sachoka ngakhale mukazinge kapena kuwiritsa. Amawononga chiwindi, ndipo a zaumoyo amanena kuti amathandizira kupinimbiritsa ana. Tsono taganizani kuti makasitomala anga ambiri amagula nsinjiro zothira m'phala la mwana.

Chizolowezi chimene chimabweretsa vutoli tonse a kuno timachidziwa: kuwaza madzi mtedza kuti makoko afewe, kusenda kusavute, maso ake asasweke, komanso kuti ulemere pa sikelo. Mtedza wosenda kale umene uli pa mulu pamsika sungadziwe kuti wadutsa m'zotani. Lero ukuoneka bwino, pakatha sabata ziwiri m'thumba wayamba fungo. N'chifukwa chake ine ndimagula wa makoko, kwa mlimi amene ndaona mmene waumitsira, ndimausunga ndi makoko ake pa mathabwa osati pansi, n'kumasenda pang'onopang'ono malinga ndi maoda. Ndimatenga dzanja limodzi n'kugwedeza pafupi ndi khutu. Wouma umalira. Ndimaswa ingapo, kuyang'ana, kuluma. Zimenezi sizitheka pa video call.

Mtundu nawonso ndi nkhani. CG7, wofiira uja, uli ndi mafuta ambiri ndipo chiponde chake chimatuluka chofewa chosafuna kuthira kanthu. Chalimbana ndi wamaso akuluakulu, wokoma kukazinga, ndipo achikulire ambiri amati nsinjiro zenizeni ndi za Chalimbana. Pamsika amasakaniza. Kumudzi umapeza mlimi amene anadzala mtundu umodzi mzere ndi mzere, ndipo Mchinji ali nawo alimi otero ambiri. Si zachilendo kuno: alimi a MASFA, bungwe la alimi ang'onoang'ono a ku Mchinji limene lili pansi pa NASFAM, anafika potumiza mtedza wawo ku Britain, kumene amayeza chuku mosanyengerera. Luso lilipo m'midzimu. Chofunika n'kufika pakhomo pawo tsiku loyenera.

Apa ndiye panali msampha wanga. Miyezi ya mvula shopu ya zipangizo za ulimi imatanganidwa ndi feteleza, zimenezo n'zodziwika. Koma nyengo yokolola, bwana wanga, monga ambiri a mashopu otere, ankapachika sikelo pakhonde n'kumagula soya ndi chimanga. Wolemba makilogalamu ndi kulipira alimi anali ine. Tchuthi m'miyezi imeneyo kunalibe. Ndinkatsala ndi Loweruka masana basi.

## Tsiku limene agogo anabwera

Agogowa ndinawadziwa kudzera mwa apongozi anga. Anali ndi munda wa Chalimbana wosasakaniza, ndipo ankaumitsa mtedza moleza mtima, mizu m'mwamba, osauthothola usanalire. Chaka chimenecho tinagwirizana kuti andisungira wonse kupatula wa mbewu, pa mtengo woposa wa mavenda. Ndinali nditalonjeza kale makasitomala a ku Area 47 ndi Area 18 kuti Chalimbana akubwera.

Linali Lachitatu, mzere wa alimi a soya utafika kumsewu. Ndinawaona ataima pambali, osalowa pamzere, osakhala pa benchi. Nditapeza mpata ndinatuluka.

"Mwaswera bwanji, agogo? Bwerani mukhale pamthunzi."

"Sindikhala, mwana wanga, wa kabaza akundidikira. Ndinabwera kuchipatala kudzatenga mankhwala, ndiye ndati ndisabwerere ndisanakuone nkhope. Mtedza wako uja ndagulitsa."

"Wonse?"

"Ndasiya wa mbewu basi."

"Koma agogo, si tinapangana Loweruka? Ndalama ndili nazo, zili m'foni muno."

Anayang'ana foniyo, kenako anandiyang'ana ine.

"Zili mmenemo, eya. Za venda uja zinali m'manja. Anafika Lolemba ndi sikelo yake, mdzukulu wanga ali pakhomo, amubweza kusukulu chifukwa cha fizi. Ndikanamuuza mwanayo kuti akhale mpaka Loweruka? Mtedza sudikira Loweruka, mwana wanga. Iwe umabwera Loweruka. Iwo amabwera tsiku lililonse."

Ndinafunsa kuti wagula pa mtengo wanji. Atanditchulira ndinangoti kakasi. Unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene tinagwirizana, ndipo iwo ankadziwa. Sanabwere kudzapepesa ngati munthu amene wapeza msika wabwino n'kundithawa. Anabwera ngati munthu amene taluza naye limodzi.

"Mukanandiimbira, agogo, ndikanatumiza ya fiziyo."

"Ndikupemphe ndalama ya mtedza umene sunauone, sunauyeze? Ukanabwera n'kupeza suli mmene umafunira, tikanayang'anana bwanji?"

Mawu amenewo ndawatembenuza kambirimbiri m'mutu mwanga. Ife a pa foni timaganiza kuti kutumiza ndalama kwathetsa mtunda. Kwa kasitomala wa ku Lilongwe n'zoona. Kwa agogo a ku Mkanda ayi. Foni ya pakhomopo ndi ya mdzukulu, ejenti ali kutali, ndipo nyengo yokolola ukhoza kufika kwa ejentiyo n'kukuuza kuti ndalama zatha, ubwere mawa. Kuposa zonsezo, munthu wamkulu wodzilemekeza safuna kukhala ndi ngongole ya katundu amene mwini wake sanamugwire. Malonda a kumudzi ndi a maso ndi maso: wafika, wakhala pansi, wapatsidwa moni, wayeza, walipira, wanyamula.

Anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa kajumbo ka mtedza wosenda. "Aka n'ka ana." Anakwera kabaza n'kumapita.

Ine ndinabwerera pa tebulo langa. Mnyamata wa pa sikelo anaitana makilogalamu, ndinalemba, ndinawerenga ndalama za bwana n'kupatsa mlimi. Wina anabwera, chimodzimodzi. Dzanja likulemba, mutu uli kwina: tsiku lonse ndimachita ntchito yomweyi, yoyeza ndi kulipira, ndimaidziwa kuposa venda aliyense wa pa njinga, koma ndikuchitira munthu wina, m'miyezi yokhayo imene geni yanga imandifuna. Usiku umenewo ndinayankha mauthenga monga mwa masiku onse, n'kuuza a ku Area 47 kuti Chalimbana chaka chino akhala wochepa. Mmodzi anayankha ndi kankhope kolira. Ena anakagula kwina.

## Kuwerengera

Sindinasiye ntchito mawa lake. Nyengo yogula inali itapita kale theka, ndipo kusiya mu Julayi kukanakhala kutaya malipiro popanda chopezapo.

Ambiri amati siya ntchito phindu la geni likaposa malipiro. Kwa ine muyeso umenewo sunkathandiza, chifukwa phindu langa silikanakula ndisanasiye. Funso langa linali lina: kodi pofika Meyi ndidzakhala ndi ndalama zogulira mtedza wa chaka chonse, kuphatikizapo zoyendera, matumba ndi malo osungira, n'kutsalanso ndi zoti pakhomo tidye miyezi imene ndalama zonse zagona m'matumba? Pakuti wogula mtedza wosunga amakhala wolemera pa maso, m'thumba muli mbee.

Ndinayamba kupatula. Nambala ya geni inakhala ina, ya pakhomo ina, kuti ndalama ya chiponde isamagule sopo. Ku banki m'khonde ndinawonjezera masheya, ndikuyang'ana kugawana kwa Disembala. Katapila ndinakana, ngakhale anandinyengerera, chifukwa chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi sichigwirizana ndi katundu amene ukamugulitse patatha theka la chaka.

Kenako mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Sabata yomweyo shuga, mafuta ophikira, thiransipoti, zonse zinakwera. Malipiro anga anakhala pomwepo. Koma timatumba tochepa ta mtedza timene ndinakwanitsa kugula Loweruka ndi Loweruka tija tinakwera limodzi ndi msika. Ndinaona ndi maso anga kuti chimene ndinkachiyesa chokhazikika ndicho chinkasungunuka.

Ndinene chinthu china chimene anzanga ambiri a pa Facebook amabisa akamafotokoza mmene anasiyira ntchito. Abambo a kunyumba ndi mphunzitsi wa ku pulayimale. Malipiro awo ndi ochepa, koma alipo, ndipo nyumba tikukhalayi ndi ya kusukulu. Popanda zimenezo sindikanalimba mtima chaka chimenecho. Wina akamakuuzani kuti anangodumpha ndi chikhulupiriro, mufunseni kuti lendi ankalipira ndani.

Amalume anga ndiwo anakana kwamtuwagalu. Anandiitanitsa kumudzi.

"Iwe, anzako akusaka ntchito ndi madigiri, iwe ukusiya dala? Ukadwala, foniyo idzakulipira? Nanga penshoni?"

Pa penshoni anali ndi mfundo. Pa ntchito bwana amaika 10 peresenti, iwe 5 peresenti, mwezi ndi mwezi, usafune ufune. Ukakhala wekha palibe amakukakamiza, ndipo miyezi ina ndimalephera kudziikira. Ndinawayankha mwaulemu kuti ndamva, malume, koma ndaganiza. Anati, "Chabwino, tidzaona." Mpaka lero akandiona amafunsa kuti "Geni ikuyenda?" ndi mawu a munthu amene akudikira yankho lina.

Bwana ndiye sanadabwe. Nditapereka kalata ya notisi ya mwezi umodzi, anaiwerenga n'kuseka pang'ono.

"Mayi, ndinkaona. Mapanga awiri avumbwitsa. Koma musadzandilande alimi anga a soya."

Ndinawatsimikizira kuti soya si wanga. Ndinatuluka kumapeto kwa Malichi 2024.

## Chaka choyamba sichinandinyengerere

Mwezi womwewo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Ndinasiya ntchito kuti ndizigula mtedza m'chaka chimene mtedza unavuta. Mvula ikadula mtedza ukukhwima, maso ake amanyala, makoko amang'aluka m'nthaka yotentha, ndipo chuku chimalowa mtedza usanakumbidwe n'komwe. Wabwino unali wochepa, ndipo mavenda ankaulimbirana, ena ochokera kutali.

Koma chaka chimenecho ndiye chinandionetsa chimene ndinagula posiya malipiro. Ndinkafika Lolemba. Ndinkafika Lachiwiri m'mawa mame asanaume. Ndinayenda ku Mkanda, ku Kapiri, ku Mikundi, mbali za Ludzi, pa njinga yamoto, ndalama nditamanga m'chiuno. Ndinkapeza mtedza uli pa mulu usanathotholedwe, n'kugwirizana ndi mwini wake, n'kubweranso tsiku lothothola. Wokayikitsa ndinkausiya, ndipo ndinasiya wambiri. Ndikanakhala wa Loweruka ndikanatola zotsala.

Zina zinandipweteka mosayembekezera. Kumapeto kwa chakacho mafuta a galimoto anasowa, minibasi zinachepa, makondakitala anakweza mtengo wa katoni, ndipo kasitomala amene analipira dzulo safuna kumva za mizere ya pa filling station. Ndinayamba kutumiza kamodzi pa sabata kwa msuweni wanga uja, iye n'kumagawa ndi anyamata a njinga zamoto, n'kumadyapo kake. Phindu pa botolo linachepa, koma mutu unasiya kuwawa.

China ndi abale. Munthu wa pa ntchito amalemekezedwa nthawi yake. Ukakhala wa geni, aliyense amati uli ndi mpata. Wodwala akagonekedwa kuchipatala, wodikirira ndiwe. Kukagwa zovuta kumudzi, woyamba kufika ukhale iwe, ndipo ukagoneko mpaka kusesa. Sindikana za maliro, ndine munthu, koma ndinaphunzira kunena kuti "mu Juni sindipezeka" ndi nkhope yomweyo imene ndinkanenera kuti "bwana sandilola." Zinatenga nthawi kuti azolowere, ndipo ena sanazolowerebe.

Ndiye pali mapepala. Pa status palibe amakufunsa chiphaso. Tsiku limene mwini shopu ina ya ku Lilongwe anafuna kuika chiponde changa pa shelefu, funso loyamba linali la chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards (MBS), bungwe loona za ubwino wa katundu. Dzina la bizinesi ndinalembetsa kwa Registrar General, limenelo silinavute kwenikweni. Za MBS ndi ulendo wina: amafuna malo opangira osiyana ndi khitchini ya pakhomo, aukhondo, amadzayendera, amatenga katundu kukayeza, ndipo zonsezo ndi ndalama. Ndikumanga kachipinda kake pang'onopang'ono. Ena amati ndi zovutitsa anthu ang'onoang'ono. Ine pa mtedza sindinganene choncho, chifukwa ndikudziwa zimene zimalowa m'mabotolo ena opanda dzina, ndipo khutu langa ndi dzino langa sizingaone zonse zimene makina oyezera amaona.

## Foni ili ndi wina

Chodabwitsa n'chakuti chisiyireni ntchito, pa intaneti ndimakhalapo pang'ono kuposa kale. Mwana wa achemwali anga, amene analemba MSCE n'kumangokhala, ndiye amagwira foni ya geni. Amayankha msanga kuposa ine, amadziwa kupanga timavidiyo ta TikTok, ndipo a "mtengo?" aja samutopetsa. Ndimamulipira pa mwezi. Ndinamuphunzitsa malamulo a ndalama aja, n'kumuuza kuti madandaulo onse a kakomedwe azibwera kwa ine, chifukwa botolo lililonse timalilemba kuti mtedza wake unachokera pakhomo pa yani. Makasitomala ena mpaka pano amaganiza kuti akucheza ndi ine.

Ntchito yanga tsopano ndi ya m'midzi ndi ya mosungira. Chaka chino ndayamba kubwereketsa mbewu ya CG7 ndi Chalimbana kwa alimi ochepa amene ndagwira nawo ntchito, kuti podzakolola adzabweze mbewuyo n'kundigulitsa wotsalawo. Achimwene anga akuti ndikutaya ndalama, venda akadzafika ndi sikelo adzagulitsa basi, pangano kapena ayi. Mwina ena adzaterodi, makamaka amene fizi idzawapanikize sabata yolakwika. N'chifukwa chake pa mpamba wa chaka chino ndapatulapo kagawo kolipiriratu mlimi amene mtedza wake ndauona kale uli m'munda, ndipo kuyambira pakati pa Epulo ndachita lendi kachipinda pa Mkanda kuti ndizigona komweko mpaka kugula kuthe.